Chamba Chochedwa cha Alamu Anga

Munda wa chamba wa alamu anga a Khimi ndinaudulitsa ndine, Phagni, ndi pakamwa pangapa. Ndikunena poyambirira pomwe kuti wina asachite kundinenera, chifukwa m'mudzi mwathu muno nkhani ikadutsa nyumba zitatu imakhala itamera nyanga.

Achimwene anga a Tule Ram anali munthu wa nyulu zonyamula katundu. Zaka makumi atatu ankakweza mchere, mpunga ndi malata kuchokera kumsewu kudzafika kumtunda kuno, uku akuzitukwana nyuluzo ndi mayina a azakhali athu. Chaka chimenecho matenda anawalowa m'mafupa a msana. Munthu amene ankaponya thumba la mpunga paphewa ngati pilo anayamba kulephera ngakhale kudzitembenuza pabedi. Koma chondiopsa ine sikunali kuondako ayi. Anasiya kugona. Chisiyireni mvula, achimwene sanagonepo tulo totalika kuposa kuwira kwa tiyi. Ankati akatseka maso ululu n'kuwadzutsa, ndipo mapiritsi akuchipatala ankangowasanzitsa. Maso anafiira psuu, ndipo ine ndinkaopa kuwayang'ana, chifukwa munthu wosagona sakhalitsa.

Akazi awo, a Khimi, akhala akundisowetsa mtendere chikwatiwire m'banja mwathu. Salankhula. Ine ndikatulutsa mawu zana iwo amayankha atatu, ndipo atatuwo amakhala olondola, zomwe zimandinyansa kwambiri. Koma pankhani ya chamba, aaa, pamenepo ndimagonja. Tonse kuno timafikisa ngala za chamba m'manja kuti titenge utomoni wake, uja timati charasi, ndipo ineyo ndinayamba ndisanathe n'kumanga komwe mpango kumutu. Koma a Khimi ndi ena. Amagwira ngala imodzi, n'kuipendeketsa padzuwa, n'kungoti, "Masiku anayi." Ukabwerako tsiku lachinayi upeza ngalayo yakhwimadi.

Aliyense kuno amadziwa kuti timadontho ta utomoni ta pangala timasintha katatu. Poyamba timaoneka ngati madzi. Charasi wa pamenepo ndi wa m'mutu: wosuta amalongolola ngati wailesi, mtima uli thithithi, mwina n'kuyamba kuopa chithunzithunzi chake chomwe. Kenako timadonthoto timachita mkaka, ndipo ameneyo ndiye wokoma, munthu amaseka, kuimba, n'kunyamuka kukawaza nkhuni. Ogula akutauni amafuna ameneyu, ndiye mudzi wonse umakolola madzi akungoyamba kuchita mkaka, chikondwerero cha Dasera chikangotha. Ukadikirabe masabata ena awiri kapena atatu timadontho tija timasanduka uchi. Wa uchiyu alibe ntchito ndi mutu, amatsikira m'thupi, munthu n'kulemera ngati bulangete lonyowa. Koma angadikire ndani? Ogula amamunyoza kuti ndi wa nkhalamba, ndiponso chipale chofewa chikangotsika m'phiri kamodzi kokha, munda wonse wapita.

Chaka chimenecho mudzi wonse unamaliza kukolola, koma kamunda ka a Khimi kakumtunda, kaja kali pansi pa mitengo ya paini, kanali chiimire. Ndinawapeza akuchapa nsalu za achimwene pampopi.

"Alamu, munda uja bwanji?"

"Ulipo."

"Ndikuona kuti ulipo, si ndili ndi maso ine? Ndikufunsa kuti mukolola liti."

"Sunafike."

Basi, n'kupitiriza kuchapa. Ine mumtima ndinati, taonani kunyada! Munthu watopa ndi kudwazika, manja alibe, koma kuti apemphe thandizo, ayi, bola munda uwole.

Patapita masiku awiri achimwene anafooka kwambiri, ndipo amuna anayi anawanyamula pampando kutsikira nawo kumsewu kuti akakwere basi ya kuchipatala cha kutauni. A Khimi anandisiyira makiyi. "Ng'ombe muziikama kawiri," anatero, "ndipo nyemba zili padenga muzianule kukachita mitambo." Za munda sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Mitamboyo inabweradi mawa lake. Inaunjikana pampata wa phiri, yotuwa, yolemera, ndipo mphepo inayamba kuluma makutu. Tsono kuno tili ndi mwambo wathu: munda wa munthu wodwazika kapena woferedwa sufa anthu akuona. Akazi amaitanizana dima, n'kukagwira ntchitoyo mwini wake kulibe, ndipo ndi manyazi a mudzi wonse ngati sizichitika. Ndinazungulira nyumba ndi nyumba ndikuomba mbale ndi supuni, ndipo dzuwa lisanakwere tinali akazi asanu ndi atatu, zikwakwa m'manja, tikukwera njira ya kumunda.

Iii, munda umenewo! Ngakhale ndinali ndi mkwiyo wanga, ndinaima kaye n'kuusirira. Udzu munalibe. Zomera zazimuna anazizula kalekale, kungosiya ziwiri kumapeto za mbewu. Masamba akuluakulu anawathothola kuti dzuwa lizifika pangala iliyonse, ndipo ngalazo zinali zonenepa ngati mkono wa khanda. Fungo lokhalo linkakumata pakhosi. Kungodya ya kumtunda, m'mbali mwa khoma lamiyala limene limasunga kutentha kwa dzuwa, kunali zomera ngati makumi awiri, chilichonse chili ndi kaulusi kofiira kophota patsinde.

Sauni, mnzanga wa chibwana, mkazi wonenepa amene saopa munthu, ndiye anayamba kuuona ulusiwo.

"Iwe Phagni, ulusiwu ngwachiyani?"

"Ngwothamangitsa maso oipa ngati akowo. Dula."

"Ine ndikuona ngati mwini wake anazipatula dala. Bwanji izi zokha tizisiye?"

"Tisiyire ndani, chipale? Tayang'ana kumpatako. Kapena msana wayamba kale kuwawa, mayi wa ulesi iwe?"

"Ulesi ine? Amuna ako aja anaonda ndi kudikira chakudya, iwe uli kalikiliki kulamula minda ya eni!"

Akazi onse anafa nacho chiseko, ndipo zikwakwa zinayamba kulira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phulalo linkandikomera. Tinadula munda wonse, ndi za ulusi zomwe, n'kukhala pansi padzuwa kumafikisa ngala, tikuimba nyimbo za ukwati ndi kujeda azipongozi. Timadontho take tinali pakati pa madzi ndi mkaka, ndinaona ndithu, ndipo ndinati ndi bwino, ogula adzalimbirana. Masiku atatu tinagwira. Mapesi tinawamanga mitolo kuti adzapotere zingwe ndi nsapato, njere tinazipeta zodzasinjira ndiwo, ndipo charasi ndinamuumba ndekha timitanda makumi anayi ndi kamodzi, tosalala, n'kutiyala m'mbale yamkuwa. Chipale chija sichinagwe. Mitambo inangotiopseza n'kubwerera.

Tsiku lachisanu anabwera nawo achimwene pampando womwe uja, atatuwa kuposa mmene anapitira. Atawagoneka pakhonde, ine ndinatulukira ndi mbale yanga, akazi anzanga ali pambuyo, nkhope zili mwee.

"Alamu, musadandaulenso za munda. Tathana nawo."

A Khimi anayang'ana mbaleyo. Anatola kamtanda kamodzi, n'kukanyema, n'kununkhiza. Kenako anakweza maso kuyang'ana kumtunda kumene kunali munda wawo, kumene tsopano kunali ziputu zokhazokha.

"Wonse?" anafunsa.

"Wonse! Sitinasiye ngakhale tsamba."

Anabweza kamtanda kaja m'mbale. Atatero anaika manja pamodzi, n'kuwerama kwa mkazi aliyense payekhapayekha monga mwa mwambo. "Mwandilemekeza, azimayi. Khalani pansi mudye." Munthu wochokera paulendo, wosagona masiku asanu m'khonde la chipatala, anakanda ufa, n'kuphika mikate yathu ya siddu yokwana akazi asanu ndi atatu, n'kutithirira mafuta a mkaka mosaumira. Tinadya mpaka kunyambita zala. Ine ndinadya itatu.

Titatsala apabanja tokhatokha, achimwene anaitanitsa kaliwo wawo wadongo.

"Ayi, bambo, ameneyu si wanu," anatero a Khimi.

"Mlongo wanga wathyoka msana masiku atatu, ine ndikane kulawa? Bweretsa, Phagni. Mlamu wakoyu akufuna ndife ndi ludzu ngati nyulu ya wamwano."

Ndinawapakirira ndekha, monyadira. Anakoka katatu. Poyamba zinali bwino, anaseka, n'kuyamba kusimba za nyulu yawo ina imene inadya chipewa cha wapolisi. Koma nkhaniyo sinathe, inalowa mu ina, inanso mu ina, mawu akuthamangitsana. Thukuta linayamba kutsika. Anati tiwadzutse akamange katundu, malata a eni akunyowa kumsewu. Anayesa kudzuka okha, msana n'kuwabaya, n'kukuwa mokweza moti agalu a mudzi wonse anayankha. Kenako anagwira dzanja la akazi awo, maso ali tong'o.

"Khimi, mtima ukutuluka. Taugwira, ukutuluka! Ululuwu ndikuumva paliponse, ndi m'zikhadabo momwe. Khimi, usachoke."

A Khimi sanachoke. Anawapukuta nkhope ndi nsalu yonyowa, kuwamwetsa madzi a mandimu, kuwalankhula pang'onopang'ono ngati mmene amalankhulira ndi ng'ombe yobereka, mpaka dzuwa linapendeka. Ine ndinangoima pachipilala. Achimwene atayamba kupumako bwino, alamu anandikodola, n'kupita nane kuseri kwa khola.

"Za ulusi zija zinali zawo," anatero. "Zinatsala ndi masiku asanu ndi anayi kuti zichite uchi."

Mayo ine! Ndinamva ngati andithira madzi a mumtsinje.

"Nanga bwanji simunanene, alamu? Pakamwa mulibe? Ndinakufunsani pampopi paja!"

"Ndikanakuuzani inu, ndikanauza mudzi. Achimwene anu safuna anthu adziwe kuti afika pa wa nkhalamba."

Ndinafuna kukalipa, chifukwa ndikalakwa ndimathamangira kukalipa, koma ndinangokhala pamwala n'kulira ngati mwana, ndipo a Khimi anandisiya ndilire, iwo n'kupita kukakama ng'ombe.

Mawa lake ndinazungulira mudzi wonse, ndi midzi iwiri ya kutsidya, kufunsa ngati alipo amene anasiyako wa uchi. Anthu ankandiyang'ana ngati ndapenga. Wina anandipatsa wa chaka chatha, wouma gwa ngati ndowe za mbuzi, ndipo a Khimi atamununkhiza anapukusa mutu: nayenso anakololedwa msanga, kukalamba m'chitini sikumusandutsa uchi. Masiku atatu ena anadutsa achimwene osagona. Anasiya ndi nthabwala zomwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa kuja.

Tsiku lachinayi kukungocha ndinamva kugogoda. Anali a Khimi, atakulunga bulangete m'chiuno, ndodo m'manja.

"Valani nsapato zolimba. Sauni akhala ndi achimwene anu."

"Tikupita kuti?"

"Kubusa la nkhosa."

Busa limenelo lili pamwamba penipeni, pamene mitengo imathera, ndipo abusa anali atatsikako kale ndi nkhosa zawo kuthawa chisanu. A Khimi anati zaka zinayi zapitazo, pofuna mankhwala a ng'ombe, anaona chamba chomera chokha pa ndowe za nkhosa, pansi pa thanthwe loyang'ana kumene dzuwa limadzera masana. Ngati chisanu sichinachipserereze, ndiye kuti chafika. Zaka zinayi, munthu n'kumakumbukirabe thanthwe limodzi m'phiri lonse lija! Ine sindikumbuka ndi pamene ndaika singano dzulo.

Tinakwera maola anayi. Iwo ali patsogolo, phazi ndi phazi, osafulumira, osaima. Ine ndili pambuyo wefuwefu, ndikutukwana miyala, mawondo anga, ndi tsiku limene ndinaomba mbale ija. Kumpata mitambo inali itabwereranso, ndipo ulendo uno inali yakuda kunsi kwake.

Tinachipeza. Zambiri zinali zitapsa ndi chisanu, zakuda, zogwa. Koma pansi penipeni pa thanthwelo, pamene mphepo siifika, panali zomera khumi ndi ziwiri zoimirira, zazifupi, zokhotakhota, masamba atachita chikasu ndi kufiirira. Ine ndinasolola chikwakwa nthawi yomweyo.

"Bwezani," anatero a Khimi.

"Alamu, tayang'anani kumwambako!"

"Mame sanaume. Mukafikisa chonyowa mutenga madzi ndi zinyalala."

"Ndiye tikhale pansi tizidikira chipale chitikwirire?"

"Ee."

Anakhaladi pansi, n'kutulutsa mkate wozizira, n'kundigawira. Ha! Ndinadya ndi mkwiyo, diso lili kumitambo. Dzuwa linkatuluka n'kubisala, kutuluka n'kubisala. Iwo ankangodzuka mwa apo ndi apo, kukhudza ngala ndi kuseri kwa chala, n'kubwerera kudzakhala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, koma ine nkhonoyo ndikanaiphwanya kalekale.

Dzuwa litafika pamutu anandiitana. Anapendeketsa ngala imodzi.

"Mukuona chiyani?"

"Chamba."

"Yang'anani bwino, musathamange."

Ndinayandikitsa diso. Zaka zonsezi ndakhala ndikufikisa chamba, koma ndinali ndisanachionepo chitafika pamenepa. Timadontho tonse tinali tagolide, tina tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, tothithikana mpaka pa timasamba tating'ono. Fungo lake silinali lakuthwa ngati la kumunda kuja, linali lozama, ngati la zipatso zoumitsa zosungidwa m'bokosi lamatabwa.

"Ichi inde," anatero, akuyenda pakati pa zomerazo. "Ichi inde. Ichi ayi, chapitirira, chingowapweteketsa mutu. Ichi chili ndi nkhungu m'kati. Ichi inde."

Pa khumi ndi ziwiri anasankha zisanu ndi ziwiri zokha. Ine ndikanakolola zonse, ndi zakuda zomwe.

Sanadule. Anagwada pa chomera chilichonse, kuthothola masamba ouma, n'kuyamba kufikisa ngala ili pamtengo pake, pang'onopang'ono, manja akungotsetsereka ngati akusisita mutu wa mwana wodwala. Ine nditayamba changa anandigwira mkono. "Mukuchikama ngati ng'ombe. Mukafinya mutulutsa madzi a masamba, ndipo akawatsokomoletsa. Ndi msana umene uja, chifuwa chimodzi ndi mpeni." Ndinachepetsa mphamvu. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kumvera alamu anga osayankha.

Tili pa chomera chachinayi, chipale chofewa chinayamba kugwa. Poyamba tinali timadontho touluka ngati phulusa, kenako chinalimbika. A Khimi anavula bulangete lawo n'kundipatsa kuti ndilitambasule pamwamba pa zomera zotsalazo, ine ndikhale ngati denga. Iwo anatsala ndi malaya okha. Posakhalitsa ndinaona kuti aima, akuyang'ana zikhato zawo.

"Manja azizira. Utomoni sukumata."

Zala zawo zinali zitachita buluu. Moto panalibe poukolezera, nkhuni zonse zinali kumunsi. Ndinakweza malaya anga, n'kugwira manja awo aja, n'kuwalowetsa m'khwapa mwanga. Mayo, kuzizira kwake! Ndinakuwa mpaka phiri linayankha.

"Pepani," anatero.

"Pepani chiyani? Mafuta onsewa ndinawasungira chiyani ngati si zimenezi? Lowetsani bwino!"

Anaseka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili nawo, ndipo ndinali ndisanaonepo kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Tinachita choncho mpaka kumaliza: iwo kufikisa, manja kuzizira, ine kuwafunditsa, iwo kufikisanso. Pomaliza anakanda zikhato zawo ndi chala chachikulu, utomoni wakuda bii ukutuluka timizeremizere, n'kuphatikiza ndi kochepa kanga kaja. Zonse pamodzi zinakwana kampira kosaposa dzira la nkhunda. Anakakulunga m'tsamba n'kukaika pachifuwa, m'kati mwa malaya.

Kutsika kwake sindifuna n'kukumbuka komwe. Njira inali itakwiririka, ndinagwa kanayi, ndipo kamodzi ndinatsetsereka ndi matako mtunda wautali ndithu, a Khimi n'kunena kuti ndapeza njira yachidule. Titalowa m'mitengo chipale chinasanduka mvula yowaza, ndipo tinafika pamudzi dzuwa likanali pamwamba pa phiri la kutsidya, titanyowa ngati nkhuku.

Achimwene tinawapeza pakhonde, atatsamira mapilo, Sauni akuwakupiza ntchentche. Anatiyang'ana ndi maso ofiira aja.

"Mwachokera kuti ngati mbuzi zogwera m'chitsime?"

A Khimi sanasinthe ndi zovala zomwe. Anatsina kachidutswa, n'kukafewetsa pa khala lamoto, n'kukasakaniza ndi fodya pang'ono, n'kupakira m'kaliwo. Achimwene atangomva fungolo anatseka maso.

"Uyu ndi wa kuti?"

"Wa kubusa, pansi pa thanthwe."

"Wakwera kubusa lero? Mkazi iwe ulibe nzeru." Anandiloza ndi chibwano. "Ndi namalongolola uyu?"

"Ndi iwowa. Manja anali anga, moto unali wawo."

Anakoka kamodzi, n'kudikira. Sanatsokomole. Anakokanso. Ndinkayang'ana manja awo, amene kwa miyezi itatu anali ofumbata ngati munthu wogwira chingwe cha nyulu yolusa. Pang'onopang'ono zala zija zinayamba kumasuka. Mapewa anatsika. Anapuma mpweya wautali, wochokera pansi penipeni.

"Ululu ulipo," anatero mwaulesi, "koma wakakhala uko, kuseri kwa khola. Phagni."

"Ee, achimwene."

"Ukadzakhudzanso munda wa mlamu wako, ndidzakumanga katundu ngati nyulu."

"Ndamva, achimwene."

Anafuna kuwonjezera china, koma mawuwo anathera m'kamwa. Mutu unapendekera paphewa, ndipo posakhalitsa tinamva mkonono, uja wakale, umene unkatisowetsa tulo tili ana. Sauni anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, n'kunyamuka chinyanyamphire kukauza anthu kuti aliyense amange galu wake. Ine ndinawafunditsa bulangete lachiwiri. Chimwemwe chimene ndinamva sindingathe kuchifotokoza, ndinkangofuna kuvina ndi kulira nthawi imodzi.

Ndinalowa kukhitchini kuti nditereke tiyi, ndipo ndinapeza a Khimi atakhala pansi, zovala zikudonthabe, kampira kaja kali pa thabwa. Anali akukadula ndi mpeni, mosamala, zidutswa zofanana. Ndinawerenga: khumi ndi zinayi.

"Alamu, mukudula zazikulu kwambiri. Muzichepetsako, apo ayi satha nazo ndi mwezi womwe. Chisanu chikanali chonse, ndipo wina wa uchi sitimupezanso mpaka chaka chamawa."

Sanakweze mutu. Anamaliza kudula chomaliza, n'kupukuta mpeniwo pa bondo.

"Adokotala anati awatsalira masabata awiri," anatero. "Agone mokwanira."

Ndinakhala pansi pambali pawo. Patapita kanthawi anandipatsa mpeni uja kuti ndiubweze pamalo pake, n'kutsamira mutu wawo wonyowawo paphewa langa, ndipo tinakhala choncho, tikumvetsera achimwene akuliza mkonono pakhonde.